Mphunzitsi wa ku Accrington uja ndi ife makolo oima pageti

Gulupu yathu ya WhatsApp ya azimayi achimalawi okhala kuno kumpoto kwa England nthawi zambiri imakhala ya nkhani zozizira, ndani akubwera kuchokera kumudzi atitengereko usipa ndi ufa woyera, ndani akudziwa kampani ya care yomwe ikulembabe anthu, baby shower ya uje ili liti, basi zomwezo. Koma tsiku lina mayi wina anaponyapo uthenga woti kusukulu kwa mwana wake kwabwera mphunzitsi wa transgender, munthu woti anabadwa mwamuna koma amadzidziwa kuti ndi mkazi ndipo ndi mmene akukhalira, ana akumutchula Miss, nde amafunsa kuti kodi pali njira yoti mwana wake amuchotse m'kalasi imeneyo osayambana ndi ahedi? Abale inu, foni inatentha. Ma voice note ataliatali, mavesi, wina mpaka anati bola mwanayo angomutumiza kwa agogo ake ku Ntcheu akaphunzire komweko, osaganizako nkomwe za mtengo wa tikiti ya ndege.

Ine pagulupo sindinayankhe, mukudziwa kale kuti ukanena zosiyana ndi anzako umasanduka ndiwo ya tsikulo. Nde ndati ndilembe pano pomwe ndi panga, wofuna kundinyoza andinyozere pompano.

Ambiri mwa azimayi aja anabwera kuno chaposachedwa, dzina loti Lucy Meadows sanalimvepo. Koma nkhani yake inachitika kufupi ndi komwe ambirife tikukhala, ku Accrington, katauni ka ku Lancashire komwe kali pakati pa Blackburn ndi Burnley, kale kankatchuka ndi mafakitale a nsalu ndi njerwa zofiira zolimba zija. Kumeneko kuli sukulu ya pulayimale ya mpingo wa Anglican, dzina lake St Mary Magdalen's. Mvetsetsani bwino pamenepa, sukulu ya mpingo. Mu Disembala 2012 teremu ikutha, sukuluyi inatumiza kalata kwa makolo monga amachitira nthawi zonse, ndipo mkati mwa nkhani zina zonse munali mizere yochepa chabe yodziwitsa kuti mmodzi mwa aphunzitsi awo wapanga chisankho chachikulu pamoyo wake, akabwerako ku holide ya Khirisimasi adzakhala ngati mkazi ndipo ana azidzamutchula Miss Meadows. Basi. Sanalembe chiphunzitso, sanapemphe munthu kuti asinthe chikhulupiriro chake, anangodziwitsa makolo kuti mu Januwale musadzadabwe. Ahedi anali kumbali yake, sukulu inali kumbali yake.

Kalata ija inafika kwa atolankhani. Inayamba nyuzipepa ya konko, anapeza bambo mmodzi wodandaula kuti ana ake ndi aang'ono kuti amve zinthu ngati izi, ndipo pasanathe masiku nkhani inali m'manyuzipepa akuluakulu a dziko lonse. Mkulu wina wolemba mu Daily Mail, Richard Littlejohn, analemba nkhani yomwe mutu wake unkati munthuyu sali m'thupi lolakwika lokha ayi, ali pantchito yolakwikanso. Ganizo lake linali loti ngati amakondadi anawo akanachoka n'kukayamba moyo watsopanowo kusukulu ina komwe sakumudziwa. Anasindikiza zithunzi zake zakale. Atolankhani anayamba kumanga misasa kunyumba kwake ndi pageti la sukulu, moti Lucy m'makalata omwe analembera mnzake anafotokoza kuti amachita kutulukira khomo la kuseri, kulawirira kusukulu atolankhani asanafike, madzulo kumachedwa dala mpaka atatopa n'kuchoka. Analembanso kuti makolo ena amalonjezedwa ndalama akatha kumujambula chithunzi.

Koma chomwe chimandikhudza ine kwambiri m'makalata aja ndi ichi, anati panali makolo ambiri omwe amapita okha kwa atolankhaniwo kukanena zabwino za iye, kuti ndi mphunzitsi wabwino ana athu amamukonda, ndipo atolankhani amawabweza. Sizomwe amafuna. Tangoganizani, iwe mwana wako ali m'kalasi momwemo, ukumudziwa mphunzitsiyo, wakhala ukucheza naye pa parents' evening, koma mawu ako alibe ntchito, mawu olemera ndi a munthu yemwe mwina ku Accrington sanapondeko chibadwire.

Mu Januwale 2013 anabwerera kuntchito n'kumaphunzitsa. Pa 19 Malichi 2013 anapezeka atamwalira kunyumba kwake, anadzipha, ali ndi zaka 32.

Pano ndisanamizire munthu. Kalata yomwe anasiya sinaloze chala atolankhani, inakamba za mavuto ena amoyo wake, ndipo munthu akafika podzichotsera moyo sipakhala chifukwa chimodzi, amene tinatayapo abale mwanjira imeneyi tikudziwa. Koma mu Meyi chaka chomwecho, pa bwalo lofufuza za imfayi ku Blackburn, coroner, yemwe kuno ndi mkulu wofufuza chomwe chachititsa imfa ya munthu, a Michael Singleton, atamaliza zonse anatembenukira kwa atolankhani omwe anali m'chipindamo n'kuwauza m'maso muli gwa kuti manyazi akugwireni, manyazi akugwireni nonsenu. Anati zomwe anachita kunali kupha mbiri ya munthu yemwe sanalakwire aliyense. Chomvetsa chisoni china n'choti atolankhani anamusaka chonchi patangopita masabata ochepa lipoti la Leveson litatuluka, mu Novembala 2012, lipoti lomwe linali lokhudza khalidwe lomweli la manyuzipepa a kuno lomalowerera miyoyo ya anthu wamba. Anthu opitirira 200,000 anasaina kalata yoti Littlejohn achotsedwe ntchito. Sanachotsedwe. Ku Accrington makolo, aphunzitsi ndi ana anayenda mumsewu pomukumbukira.

Nde ine ndikamamva anthu akuti "community sinamulandire", ndimafunsa kuti community yake iti? Chifukwa anthu a pamalopo, ahedi, aphunzitsi anzake, makolo ambiri ndi ana omwe, anali atayamba kale kuzolowera. Odandaula analipo inde, ndipo kudandaula si mlandu, bambo uja anali ndi ufulu wofunsa mafunso ake. Koma nkhani ya pasukulu imodzi ikanathera muofesi ya ahedi, kapu ya tiyi pakati, mafunso n'kuyankhidwa. Anaikuza ndi anthu akunja opanda mwana ngakhale mmodzi pasukulupo.

Ndipo apa ndi pomwe ndimaopa za ifeyo. Mu 2012 kuti munthu umuyalutse dziko lonse pamafunika nyuzipepa yaikulu ndi wojambula wobisala m'galimoto. Lero aliyense wa ife ali ndi kamera m'thumba. Pa gulupu pathu paja pasanathe ola wina anali atalemba kale kuti "tumizani pic timuone", ndi tinkhope toseka tija. Chithunzi chimenecho chikanatumizidwa, madzulo chikanakhala chili pa magulupu a ku Leeds, a ku Johannesburg, mawa lake pa tsamba lina la miseche la pa Facebook kumudzi ndi ma comment zikwi, dzina la sukulu lili pomwepo, yunifolomu ya ana ikuoneka. Mwamwayi mayi uja anakana, anati ine ndafunsa nzeru sindinati ndikufuna kuyalutsa munthu. Ndinamulemekeza pamenepo ngakhale pa zina zonse sitimagwirizana.

Kunyumba kwathu nkhaniyi sinathe bwino bwino. Bambo a kunyumba ndi munthu wa tchalitchi kwambiri kuposa ine, ndipo mfundo yawo ndi imodzi, amati ine ndilibe naye chifukwa munthuyo, akhale mmene akufunira, koma ana asokonezeka mutu. Amati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ukamuuza kuti uyu anali bambo pano ndi mayi, mawa adzadzuka n'kunena kuti nanenso ndikufuna. Sindiwaseka ayi, ndi mantha a kholo, nanenso ndimakhala nawo pa zinthu zina. Koma ndimawauza kuti atsikana athu aphunzitsidwapo ndi mayi wachisilamu wovala hijabu chaka chathunthu ndipo sanabwere kunyumba kudzati tikufuna kupita kumzikiti, aphunzitsidwapo ndi bambo woti amanena poyera kuti sapemphera ndipo Lamulungu amatidzutsa ndi iwowo kuti tichedwa ku Sunday school. Mwana amatenga kwa mphunzitsi ma fraction ndi kalembedwe, ndipo chomwe amasunga mumtima mpaka kukula ndi choti aphunzitsi aja ankandikalipira kapena ankandimvera. Tafunsani mwana aliyense za mphunzitsi wake, akuuzani kuti ndi wokoma mtima, kapena amapereka homuweki yambiri, kapena amakondera. Zinazi timadwala nazo ndi akuluakulufe.

Mfundo ya bambo a kunyumbayi si yatsopano. Ku America, m'boma la New Jersey, kunali mphunzitsi wa nyimbo dzina lake Paula Grossman yemwe anaphunzitsa zaka zoposa khumi popanda vuto, mu 1971 atasintha n'kukhala mkazi anamuchotsa ntchito. Anapita kukhothi, ndipo makhothi anagwirizana ndi akuluakulu a sukulu, osati chifukwa choti analephera kuphunzitsa kapena anachita chilichonse kwa mwana, koma ati kupezeka kwake kokha m'kalasi kukhoza kuwavulaza ana m'maganizo. Kukhoza. Palibe mwana yemwe anamubweretsa kuti uyu wavulala, chifukwa munthuyo sanaloledwe nkomwe kubwerera m'kalasi ali mkazi. Sanaphunzitsenso pasukulu paja. Patapita zaka zoposa 40, mawu omwewo ndi omwe anasindikizidwa za Lucy, ndipo lero ndi omwe tikutumizirana pa ma voice note m'Chichewa.

Tsopano za funso la mayi uja, loti angamuchotse bwanji mwana m'kalasi. Yankho lachidule, sizitheka mwanjira imeneyo, ndipo ndi bwino tizidziwa malamulo a dziko lomwe tikukhala m'malo momangouzana zabodza. Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kusala munthu pantchito pa zifukwa zisanu ndi zinayi, ndipo kusintha kuchoka ku umuna kupita ku ukazi kapena ku ukazi kupita ku umuna ndi chimodzi mwa izo, chili pamndandanda umodzi ndi mtundu wa munthu, chipembedzo, ulumali, kukhala woyembekezera. Chiyambi chake ndi chakale ndithu ndipo chinachokera ku malo a maphunziro komweko, munthu wina yemwe ankagwira ntchito ya umanijala pamalo ophunzitsira a khonsolo ya Cornwall anachotsedwa ntchito atanena kuti akusintha, mlandu unakafika ku khothi la ku Ulaya ndipo mu 1996 anawina. Ena pagulupu amati koma si khothi linanena kuti zimenezi zatha? Ayi. Mu Epulo 2025 Supreme Court ya kuno inagamula kuti mawu oti mkazi mu lamulo lija akutanthauza mkazi wobadwa mkazi, ndipo chigamulochi chabweretsa mikangano yambiri pa nkhani za zimbudzi ndi malo a akazi okhaokha, koma oweruza omwewo ananena momveka kuti chitetezo cha anthu a transgender kuti asasalidwe chikadalipo. Ahedi sangachotse mphunzitsi chifukwa makolo sakumufuna pa chifukwa chimenecho, atatero sukulu ili m'madzi.

Zomwe kholo lingachite zilipo. Ukhoza kupempha kuona zomwe ana akuphunzitsidwa pa phunziro la maubale lija lomwe linakhala lokakamiza m'mapulayimale kuyambira 2020, ndipo sukulu ikuyenera kukuonetsa. Ukhoza kumuchotsa mwana pa maphunziro a zogonana, ukhozanso kumuchotsa pa phunziro la chipembedzo. Mphunzitsi aliyense, kaya ndi ndani, akamalankhula kwa ana zinthu zosayenera msinkhu wawo kapena akamawakakamiza maganizo ake, pali njira yodandaulira kwa ahedi ndi kwa ma governor, komiti yoyang'anira sukulu, ndipo ine ndingakhale woyamba kulemba kalata. Koma dandaulo lizikhala la zomwe munthu wachita. Ndipo tisaiwale kuti mphunzitsiyo asanalowe m'kalasi anadutsa pa DBS, kafukufuku wa mbiri ya milandu ya munthu, yomwe ija ifenso a care timadikira ndi mtima uli m'mwamba tisanayambe shifiti yoyamba.

Pa care pomwepa ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe mtima wanga unatembenukira. Aliyense wa ife wogwira ntchito yosamala okalamba kuno anakumanapo nazo kapena anamvapo kwa mnzake, achibale a gogo kubwera kwa manijala n'kunena motsitsa mawu kuti mayi athu sakumasuka ndi ma carer akuda, kodi simungatipatseko wina? Sanena kuti unalakwitsa mankhwala, sanena kuti unachedwa, iwe ndi amene umamusambitsa bwino kuposa onse ndipo akudziwa. Amangoti sakumasuka, asokonezeka, sanazolowere. Zinandichitikirapo pamalo ena omwe ndinagwirapo ntchito, manijala anangondisintha floor mwakachetechete kuti pasakhale phokoso, ndipo tsiku limenelo ndinalira m'basi ulendo wonse. Nde lamulo lomwe timathamangira tikasalidwa chonchi ndi lomwe lija la 2010, pepala lake ndi limodzi. Manyuzipepa omwe anamusaka Lucy ndi omwewonso amalemba za ife obwera ngati kuti tabwera kudzadya za eni. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ifeyo chinationa kale, sitikudikira mawa.

Wina anena kuti khungu sunasankhe, izi ndi zosankha. Mtsutso umenewo sindilowamo lero, anthu a transgender eni ake amati sanasankhe, abusa anga amati ndi kusokonekera kwa chilengedwe, ndipo ine sindinaitanidwe kuti ndiweruze pakati pawo. Chipembedzo nachonso munthu amasankha koma sitilola kuti mphunzitsi achotsedwe chifukwa ndi wa Mboni kapena ndi Msilamu. Funso la kusukulu ndi laling'ono kuposa mafunso onsewa, kodi mwana wanga akuphunzira, kodi ali otetezeka, kodi akulemekezedwa.

Komanso lamulo palokha silikwanira, izi ndaziona. Lamulo limateteza kontirakiti yako koma silingakakamize munthu kukupatsa moni mu staff room. Ku India kuli nkhani yomwe imasonyeza bwino zimenezi. Mu 2014 khothi lalikulu la dzikolo linavomereza anthu a transgender kuti ndi gulu lodziwika mwalamulo lokhala ndi ufulu wonse, ndipo mu Juni 2015 Manabi Bandopadhyay, mayi wa transgender wokhala ndi PhD, anasankhidwa kukhala mkulu wa koleji ya atsikana ya Krishnagar ku West Bengal, woyamba m'dziko lonselo. Manyuzipepa a dziko lapansi anaimba m'manja, maluwa, zithunzi. Pofika Disembala 2016 anali atalemba kalata yosiya ntchito, akuti aphunzitsi ena ndi ophunzira ena samagwirizana naye, anatopa. Anzakewo nawonso anali ndi madandaulo awo pa kayendetsedwe kake ka koleji, pakuti kukhala transgender sikusandutsa munthu mngelo kapena bwana wabwino. Boma linakana kalatayo ndipo anabwerera. Koma taonani kusiyana kwake, ku Accrington anthu apafupi anamulandira, akutali n'kumuzunza, ku Krishnagar akutali anamuombera m'manja, apafupi n'kumulemetsa. Pa ziwirizi mphunzitsi amakhala kapena kuchoka chifukwa cha zomwe amakumana nazo tsiku ndi tsiku, moni wa pageti, kholo lobwera ku parents' evening n'kukamba za kuwerenga kwa mwana m'malo momuyang'ana kukhosi ndi m'manja.

Nanga kwathu? Chifukwa ndikudziwa ena mukuwerenga muli ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu, mukuti izi ndi za azungu zisatikhudze. Ine ndisananyamuke ndinaphunzitsako pulayimale kumudzi, ndikudziwa mmene mphunzitsi amakhalira. Nyumba yako ili pasukulu pomwepo, mudzi wonse ukudziwa wagula ndiwo zanji, walandira mlendo wanji, wabwera nthawi yanji usiku. Pali komiti ya sukulu, pali PTA, pali mother group, pali amfumu, ndipo ngati sukulu ndi ya mishoni pali abusa kapena ansembe pamwamba pake. Ulemu ulipo, aliyense amati aphunzitsi aphunzitsi, koma ulemu umenewo uli ndi mtengo, moyo wako si wako. M'malo oterowo kukamba zoti mphunzitsi angalembere makolo kalata ngati ya ku Accrington ija ndi nthabwala, asanafike nkomwe kwa makolo akhala atafika kupolisi.

Tonse tikukumbukira za Tiwonge Chimbalanga, Aunt Tiwo, mu Disembala 2009 atapanga chinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Blantyre. Dziko lonse linkati amuna awiri akwatirana, koma Tiwonge mwini wake ankanena kuyambira pachiyambi kuti ine ndine mkazi, ndipo ndi mmene ankakhalira. Anthu ankadzaza kukhothi kukaseka. Mu Meyi 2010 anawagamula zaka 14, patangopita masiku ochepa malemu Bingu anawakhululukira Ban Ki-moon, mkulu wa UN nthawi imeneyo, atabwera, ndipo Tiwonge mapeto ake anakakhala ku South Africa chifukwa kwawo kunalibenso pokhala. Patapita zaka Jana Gonani, wa transgender wa ku Mangochi, anamangidwa mu 2021 n'kupatsidwa zaka 8, nkhani inakafika ku khothi la malamulo aakulu a dziko, mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu mu Julaye 2023, ndipo mu Juni 2024 khothi linati malamulo aja akhale mmene alili, ofuna kusintha apite ku Nyumba ya Malamulo. Malamulowo sakamba za transgender mwachindunji, amakamba za kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, koma kwathu zonsezi timaziponya m'thumba limodzi, nde munthu wongovala ndi kuyenda mosiyana ndi mmene anthu akuyembekezera ali kale pa ngozi ngakhale asanagwire dzanja la munthu.

Sindikunama kuti Malawi asintha mawa, ndipo sindikulemba kuti ndiphunzitse anthu akumudzi ngati kuti kukwera ndege kunandipatsa nzeru. Koma zomwe sukulu zathu zimati izi ndiye sizingatheke zakhala zikusuntha ife tikuona. Amayi athu anakula nthawi yomwe mkazi kuvala buluku unali mlandu, lamulo la 1973 lija linachoka mu 1993, ndipo ngakhale litachoka panatenga zaka kuti mphunzitsi wamkazi alowe m'kalasi ndi buluku anthu osalozerana. Mtsikana akatenga mimba sukulu inkathera pomwepo, pano amaloledwa kubwerera. Ana achirasta ankabwezedwa pageti chifukwa cha tsitsi mpaka mu Meyi 2023 pomwe khothi la ku Zomba, woweruza ali a Zione Ntaba, linati alowe m'kalasi ndi tsitsi lawolo. Nthawi zonsezi mawu anali omwewo, ana ena atengera, mwambo utha.

Ndipo pali chinthu china chomwe chimandipweteka ndikaganiza za ukali wathu pa nkhaniyi. Aliyense yemwe anaphunzira kapena kuphunzitsa kwathu akudziwa mphunzitsi mmodzi, mwina oposa, yemwe ankatuma atsikana kukatunga madzi kunyumba kwake, yemwe anapereka mimba kwa mwana wa Sitandade 7 kapena Fomu 2. Bambo wabwinobwino, wa tayi, wa banja lake, mwina mkulu wa mpingo. Zikaululika nthawi zambiri makolo amakambirana, ndalama pang'ono, iye n'kusamutsidwa kupita kusukulu ina komwe kulinso atsikana. Sindinaonepo anthu akuyenda mumsewu ndi zikwangwani chifukwa cha ameneyo, sindinamvepo voice note yotukwana ameneyo. Mwana amene tikuti tikumuteteza uja timamupereka tokha m'manja mwa munthu wooneka mmene timafunira, nde mphamvu zathu zonse n'kuthera pa munthu yemwe mlandu wake ndi diresi ndi dzina.

Bambo a kunyumba ndikawauza zimenezi amati zoipa ziwiri sizipanga chabwino, ine n'kuti nanga chachiwiricho choipa chake wachitira ndani, nde timangosiyira pomwepo wina n'kuyatsa TV. Sanasinthe maganizo, ndipo mwina sadzasintha. Koma anavomera chinthu chimodzi, kuti atsikana athu atapatsidwa mphunzitsi wotere sitidzawauza kuti azimuyankha mwano kapena kumutchula dzina lomwe iye sakufuna, chifukwa kwathu mwana satchula mphunzitsi mmene akufunira iye, amatchula mmene wauzidwira, n'kugwada polandira kope. Pamenepo pokha tinagwirizana msanga, mwambo womwewo womwe anthu amati ukutha.

Kumudzi nako anthu ngati Lucy sikuti kulibe. Tiwonge anachokera ku Thyolo, Jana ku Mangochi, sanatsike ndege. Mwa aphunzitsi zikwizikwi omwe ali m'masukulu athu, ine ndimakhulupirira kuti alipo wina yemwe amadzimva chimodzimodzi, koma anaona zomwe zinachitikira anzakewo n'kusankha kutseka pakamwa. Akulemba ma scheme usiku ndi tochi ya pafoni, akuphunzitsa ana oposa 100 pansi pa mtengo, akudikira malipiro ochedwa ngati anzake onse, akuvala zomwe komiti ya sukulu ikuyembekezera, ndipo makolo akumutumizira nkhuku mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8.